Mawu a m'mawa: Dzuwa likafika paliwombo

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Genesis 18:1-8.

Chilimwe chafika pachimake. Nyenje zikuyamba kulira m'mawa ndithu, mitengo ya jakaranda yachita maluwa ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo abale athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akudziwa okha mmene zimakhalira kutentha kukapitirira madigiri 40. Nyengo ino ntchito yakumunda ndi yolawirira. Wososa amanyamuka mbandakucha, pofika 10 koloko khasu lili paphewa akubwerera. Kuyambira pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, thupi limakana ntchito yolemetsa. Ambirife maola amenewa timawaona ngati otayika, mwina n'kumadziimba nawo mlandu kuti tangokhala.

Tsono taonani nthawi imene Mulungu adasankha kuti akacheze kwa Abrahamu. Sadamupeze paguwa la nsembe, sadamupezenso akusaka msipu wa ziweto zake. Adamupeza atakhala pakhomo la hema wake, pafupi ndi mitengo ikuluikulu ya ku Mamre, dzuwa likuswa mtengo. Nkhalamba ya zaka 99, yokhala ndi ng'ombe, nkhosa ndi antchito ambirimbiri, inali itangokhala phee. Ndipo chifukwa inali pakhomo, itakweza maso idaona anthu atatu ataima chapafupi.

Zimene zidatsatira n'zinthu zimene mudzi uliwonse kwathu kuno umazidziwa. Madzi osambitsa mapazi. Mthunzi wa mtengo. Sara adakanda ufa miyeso itatu n'kuphika mikate, mnyamata adakonza mwanawang'ombe wonona, padabwera mkaka ndi chambiko. Vesi 8 ndi imene imandigwira mtima kwambiri: alendo akudya, Abrahamu adaimirira pambali pawo pansi pa mtengo. Sadawasiyire chakudya n'kuthamangira zina. Adakhala nawo. Pa macheza amenewo m'pamene padatuluka mawu akuti chaka chamawa nthawi ngati yomweyo Sara adzakhala ndi mwana wamwamuna, lonjezo limene banjali lidakhala likudikira zaka 24 chichokereni ku Harani. N'chifukwa chake Ahebri 13:2 amatikumbutsa kuti ena adachereza angelo osadziwa.

Ndikafunsa mtima wanga ndi wanu: alendo atatu aja akadadutsa pakhomo pathu lero masana, tikadawaona? Pamthunzi timakhalapo ndithu, koma mitu ili chowerama, chala chikuyenda pafoni. Mwana akabwera ndi galimoto yake yamawaya kuti tiione, timati "pita ukasewere uko." Agogo ali pamkeka chapomwepo, tsiku lathunthu osamva mawu a munthu kupatula "nsima yapsa." Thupi lapuma, koma mtima uli ku Facebook, ukudziyerekeza ndi anthu amene ajambulitsa zithunzi kunyanja.

Sindikunyoza ulendo wakunyanja ayi. Amene mwakonza zotengera amayi anu ku Salima kapena ku Mangochi pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, Mulungu akudalitseni, muyende bwino. Koma amene thumba silikulola musadzione operewera. Amayi ambiri chimene amalakalaka ndi mwana woti akhale nawo pansi, aziswa nawo mtedza wambewu, akumvetsera nkhani za kumudzi kwawo mpaka mthunzi utasuntha. Zimenezo sizilira ndalama ya minibasi.

Makolo athu nyengo ino ankaidziwa ntchito yake. Zokolola zili m'nkhokwe, mvula isanagwe, ndiyo inali nthawi yoluka mphasa ndi malichero, yosema mipini, yofolera nyumba, yoyendera abale akutali. Ntchito zamanja zimenezi zili ndi ubwino umodzi waukulu: manja akugwira, pakamwa ndi makutu zimakhala zomasuka. Mtsikana amene akulukidwa tsitsi ndi azakhali ake amaulula zimene sakadanena atafunsidwa maso ndi maso. Bambo ndi mwana wake wamwamuna amene sayankhulana bwino akhoza kukhala pa bawo, maenje 32 ndi nkhomo 64 pakati pawo, ndipo pofika pamene wina wadyedwa nkhomo zonse za kutsogolo, aseka limodzi koyamba pa miyezi ingapo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtima wa mwana wanu nawonso suonekera kwa munthu wothamanga.

Nanga madzulo, kunja kukayamba kuzizirira koma m'nyumba muli ng'anjo chifukwa cha malata? Tulutsani mkeka pabwalo. Ana ambiri a m'tauni sadamvepo munthu wamkulu akunena kuti "Padangokhala," iwo n'kuyankha kuti "Tili tonse." Auzeni nthano ya Kalulu, kenako muwauze za Yosefe ndi abale ake, kapena za Rute akukunkha m'munda wa Boazi. Aphunzitseni nyimbo imene agogo anu ankaimba kutchalitchi. Atsikana akamasewera phada kapena fulaye, amayi musachite manyazi kulowa nawo, ana amakumbukira tsiku lotere mpaka kukula.

Wina anena kuti, kodi uku si kulimbikitsa ulesi? Miyambo 10:5 imayamikira mwana wokolola m'malimwe, ndipo mizere ikapanda kukonzedwa mwezi uno, mvula ya Novembala idzatipeza tili manja lende. Ntchito igwiridwe pa nthawi yake. Koma Yesu yemweyo amene ankagwira ntchito mpaka usiku, ataona kuti ophunzira ake akusowa ndi mpata wodyera womwe, adawauza kuti apite kwa okha akapume pang'ono (Marko 6:31). Iye mwini atatopa ndi ulendo adakhala pansi pachitsime cha Yakobo dzuwa lili pamutu, n'kupempha madzi akumwa kwa mayi wa ku Samariya, ndipo macheza amenewo adatembenuza anthu ambiri a mumzinda wa Sukari (Yohane 4). Ngati Mbuye wathu sadachite manyazi kukhala pansi masana, ife tikuopa chiyani?

Lero masana, foni ikhale m'nyumba kwa ola limodzi lokha. Tengani mpando kapena mkeka, mukhale poonekera, pafupi ndi chigubu cha madzi ozizira kapena thobwa ngati lilipo. Wodutsa mumulonjere. Akaima, mumupatse pokhala.

Tipemphere. Atate, tikuthokozani chifukwa cha tsiku latsopanoli. Tikumbukira abale athu amene dzuwa la lero liwathera pamutu popanda mthunzi: akabaza, amayi ogulitsa m'misika, amisiri omanga nyumba, ana oyenda mtunda wautali pochokera kusukulu, ndi odwala amene agona m'zipatala m'kutentha kuno. Apatseni mphamvu ndi madzi akumwa, ndipo mutitume ife amene tili ndi mpata kuti tikawathandize. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.