Mwana Amatengera Ndani?

Zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambe.

Mwana akabadwa timathamangira kumuyang'ana nkhope. Mphuno ndi ya bambo ake, maso watengera agogo ake. Timati zili m'magazi. Komatu si magazi amene amanyamula zimenezi ayi. Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo mkati mwa selo muli timaulusi totchedwa makromozomu, topangidwa ndi DNA. Munthu ali ndi makromozomu 46: mayi amapereka 23 kudzera m'dzira lawo, bambo 23 kudzera m'mbewu yawo. Palibe amene amaposa mnzake.

Pa ulusiwo pali malangizo a kapangidwe ka thupi, ndipo asayansi amawatcha majini. Ndaona ena mwadzidzimuka! Ayi agogo, si mizimu ija, mawu angofanana. Jini ndi kachidutswa ka DNA konyamula langizo, monga la mtundu wa khungu.

Amene anatsegula nkhaniyi ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, mzinda wa m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic. Iyeyu ankalima nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe. Anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ndipo ana onse anatuluka aatali. Mukanakhala inu mukanati ufupi uja wafa, si choncho? Koma anawo atabereka, zidzukulu 787 zinali zazitali, 277 zazifupi. Pa zinayi zilizonse, chimodzi chachifupi. Ufupi sunafe, unangobisala. Anasindikiza zimenezi mu 1866, anthu osalabadira, mpaka mu 1900 iye atamwalira kale.

Apa ndiye gwirani bwino. Pafupifupi pa langizo lililonse mwana amalandira majini awiri, imodzi kwa mayi, ina kwa bambo. Ina imakhala yamphamvu, imaonekera ngakhale ili yokha. Ina ndi yobisala, imaonekera pokhapokha ikakumana ndi inzake yofanana nayo. N'chifukwa chake munthu akhoza kunyamula chinthu chimene iye mwini alibe m'maonekedwe, n'kuchipereka kwa mwana.

Tengani chialubino. Bambo wakuda, mayi wakuda, mwana wabadwa wachialubino. Nthawi zambiri zimatero chifukwa onse awiri ananyamula jini yobisala ija osadziwa, ndipo mwa mwanayu majini awiriwa akumana. Onse awiri, ndikubwereza. Kuloza mayi yekha chala n'kusadziwa chabe. Matenda a magazi otchedwa sickle cell amayendanso njira yomweyi.

Nanga zoti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi? Abambo, tcherani khutu. Mkazi ali ndi makromozomu awiri otchedwa X, mwamuna ali ndi X ndi Y. Dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse. Mbewu ya bambo ikabweretsa X, mwana ndi wamkazi. Ikabweretsa Y, wamwamuna. Ndiye bambo wodandaula kuti akazi anga amangobereka atsikana, mbewu inali ya yani? Komanso naye sasankha, zimangochitika.

Amayi mwakweza dzanja, funsani. Eya, mukuti makolo onyamula jini yobisala akabereka mwana mmodzi wachialubino, ndiye kuti atatu otsatira sadzakhala nacho? Ayi mayi. Mmodzi pa anayi uja tinaona pa nsawawa ndi mwayi wa mimba iliyonse payokha, sukumbukira za mimba yapita. Banja lina likhoza kubereka ana anayi popanda wachialubino ndi mmodzi yemwe, lina n'kubereka awiri otsatizana.