Makalata a Omvera: Ndudu Zitatu Patsiku

Moni nonse kumene mukutimverako. Makalata amene ndasankha lero onse akufunsa za fodya, pakati ndi khanda. Monga mwa nthawi zonse, mayina sinditchula.

Yoyamba yachokera kwa mayi wa ku Ndirande. Akuti: "Ndili ndi pakati pa miyezi itatu. Ndinaphunzira kusuta ndikugwira ntchito m'bala, ndipo ndinkamaliza ndudu 10 patsiku. Pano ndikusuta zitatu basi. Azakhali anga akuti ndisasiye mwadzidzidzi chifukwa mwana angadzidzimuke m'mimba, komanso akuti mwana wochepa thupi savuta pobereka. Kusikelo sindinanene, ndimaopa kukalipiridwa. Nditani?"

Mayi, azakhali ndi akuluakulu, sitingawanyoze pa wailesi, koma apa sanalondole. Palibe mwana amadzidzimuka chifukwa mayi wasiya fodya. Chimene chimamuvuta ndi utsiwo. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo awiri mwa iwo ndiwo amamupanikiza kwambiri. Wina ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umakomola anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Winayo ndi nikotini, amene amafinya mitsempha, kuphatikizapo yopita ku nsengwa kumene mwana amalandirira chakudya. Choncho mwana amalandira mpweya wochepa kudzera m'njira yopanikizika. Ndiye chifukwa chake ana a amayi osuta amabadwa opepukirapo ndi magalamu pafupifupi 200 poyerekeza ndi anzawo. Kupepuka kumeneku si mwayi ayi. Mwana wosakwana makilogalamu 2.5 amavutika kuyamwa, kusunga kutentha m'thupi ndi kulimbana ndi matenda. Fodya amawonjezeranso chiopsezo chopita padera, chobereka masabata 37 asanakwane, ndi choti nsengwa ichoke m'malo mwake nthawi isanafike, zimene zimataya magazi ambiri.

Kuchoka pa 10 kufika pa zitatu mwachita khama, ndikuyamikani. Vuto lake ndi lakuti munthu akachepetsa ndudu amayamba kukoka utsi kwambiri osadziwa, mpaka kusuta kufika pa kachidutswa. Zitatuzo zichoke ndithu. Ndipo mwalemba nthawi yabwino: kafukufuku amene anachitika ku New Zealand ndi Australia, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti amayi amene anasiya masabata 15 asanakwane sankasiyana ndi osasuta pa nkhani yobereka masiku osakwana kapena kubereka mwana wochepa thupi. Amene muli ndi miyezi 7 kapena 8 musati mwachedwa, chifukwa carbon monoxide amatha m'magazi pa tsiku limodzi kapena awiri munthu akasiya, ndipo miyezi yomalizayi ndi imene mwana amanenepa.

Masiku atatu oyamba ndi owawa: mutu, kusowa tulo, kupsa mtima ndi zazing'ono. Pakatha masabata awiri kapena anayi zimaphwa. Chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa n'kudutsa, ndiye imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe, tulukani muyende. Sankhani tsiku sabata ino, mutaye ndudu zonse ndi machesi omwe. Kusikelo kanenedi zoona, muuzeni namwino pambali ngati mukuchita manyazi pagulu. Mankhwala othandiza kusiya fodya musagule nokha, ena saloledwa kwa mayi woyembekezera.

Yachiwiri ndi yaifupi, yochokera ku Kasungu. "Ine sindisuta, ndimangoika fodya wa m'mphuno. Komanso timalima fodya, ndipo ndimathyola nawo ngakhale ndili woyembekezera. Pali vuto?"

Lilipo, mayi. Fodya wa m'mphuno, ngirimbo, chingambwe, zonsezi ndi nikotini yemweyo, wangosintha khomo lolowera. Za kumundazo, ndikudziwa kuti fodya ndiye amagula feteleza ndi kulipira fizi pakhomo panu. Koma masamba akanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amalowa kudzera pakhungu. Chizungulire, nseru ndi kusanza zimene othyola fodya amadandaula zija nthawi zambiri zimachokera pamenepo. Chaka chino akuthyolereni ena, inu mugwire ntchito ina yosakhudza tsamba lonyowa.

Tsopano yachitatu, imene yandichititsa kuganiza kwambiri. Yachokera kwa bambo wa ku Mzuzu. Akuti: "Akazi anga anasiya fodya atangodziwa kuti ali ndi pakati, ndipo anapirira mpaka kuchira. Mwana ali ndi miyezi iwiri tsopano. Dzulo ndawapezerera akusuta kuseri kwa bafa, ndudu atatenga m'thumba la jekete langa. Ndinakalipa kwambiri. Kodi ndiwaletse kuyamwitsa?"

Bambo, mwamva pamene ndudu ija inachokera? M'thumba la jekete lanu. Mwakalipira munthu amene anapirira miyezi yonse ija akumva fungo la fodya pa malaya anu tsiku ndi tsiku. Zimene zachitikazi si zachilendo: amayi ambiri amene amasiya ali ndi pakati amayambiranso mwana asanakwanitse chaka. Amakhala kuti anasiyira mwana wa m'mimba, ndiye akabadwa zimaoneka ngati ntchito yatha. Onjezanipo kusagona usiku, kulira kwa khanda, alendo obwera kudzaona mwana atabalalika, mayi n'kutsala yekha ndi matewera. Ndudu "imodzi yokha" imalowera pamenepo. Ngati mayi akungokhala wokhumudwa, kulira kapena kusafuna kudya kwa masabata opitirira awiri, mupite nawo kuchipatala, amenewo ndi matenda ochizika.

Kuyamwitsa musaletse, chonde. Ndi zoona kuti nikotini amafika mu mkaka ndipo amatha kuuchepetsa, koma mwana woyamwa amakhalabe wotetezeka kuposa wolandidwa bere. Apitirize kuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6. Pamene akulimbana kuti asiyenso, ngati asuta, asute panja atangomaliza kuyamwitsa, osati asanayamwitse, kenako asambe m'manja ndi kusintha chitenje asananyamule mwana.

Utsi wanu nawo ukuwerengedwa. Khanda lopuma utsi wa fodya limadwaladwala chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu, ndipo chiopsezo chomwalira mwadzidzidzi kutulo chimakwera, makamaka likamagona bedi limodzi ndi munthu wosuta. Kutsegula zenera sikuthandiza, utsi umakakamira m'zofunda ndi m'makatani. M'nyumba ndi m'galimoto musasutire aliyense, ngakhale agogo kapena amalume akabwera kudzacheza. Mwana agone chagada, pamalo pake, pafupi ndi mayi ake.

Dziko lathu linalowa m'pangano la bungwe loona za umoyo padziko lonse, World Health Organization, lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma pangano silingabwere kudzapisa m'jekete mwanu. Usiku uno khalani pansi ndi mayi a mwana, mupepese chifukwa cha mawu a dzulo, musankhe tsiku limodzi losiyira nonse awiri. Ndalama ya paketi muziika m'chitini, ikagule sopo ndi matewera. Tsiku la sikelo ya mwana muperekeze, mukauze namwino kuti osuta m'nyumbamo ndinu awiri.