Alamu, chitseko cha galajacho musachikhudze kaye

Alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Mwati usiku munamva phokoso ngati mfuti m'galajamo, ndiye m'mawa uno mota yokweza chitseko ikungolira koma chitsekocho sichikukwera. Mmene mwafotokozeramo, imeneyo ndi sipuling'i yaduka, osati mota. Lowani mkati muyang'ane pamwamba pa chitsekocho, pali chitsulo chachitali chopingasa chomwe chavala sipuling'i. Mukaona mpata pakati pa sipuling'iyo, vuto ndi lomwelo. Rimoti ija muyiike kaye pansi, mukamangodina muotcha mota yabwinobwino.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimanyamula chitseko ndi mota. Ayi. Chimanyamulidwa ndi sipuling'i, mota imangokoka pang'ono. Chitseko chamatabwa cha magalimoto awiri ngati chanucho chimatha kupitirira makilo 100. Sipuling'i wamba amaipanga kuti itsegule ndi kutseka ka 10,000, ndiye pakhomo pamene mumatsegula kanayi patsiku, zaka 7 zikamakwana imakhala yatopa. Palibe amene walakwa pamenepo, yangotha basi. Koma chonde alamu, musatenge sipanala kuti mumasule nokha, ndipo musaitane mnyamata uja amakonza mipope kuti ayesere. Ngati masipuling'i alipo awiri, yomwe yatsala ija ikadali ndi mphamvu yoti n'kuthyola dzanja. Mawaya achitsulo a m'mbalimo nawonso musawakhudze. Ndipo chitseko chikakanirira m'mwamba, kachingwe kofiira kolekanitsa mota kaja musakakoke, chitseko chikhoza kugwa chonse nthawi imodzi. Ana asasewere pafupi mpaka chikonzedwe.

Tsopano za woti akonze. Kuno ku Johannesburg okonza zitseko ndi ambiri, ndipo amadziwa kuti munthu amene galimoto yake yatsekeredwa mkati kapena amene khomo lake lagona pululu amakhala ndi mantha, amangovomera chilichonse. Ndiye inu musapupulume. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani mwauza eni nyumba. Ngati ndi yanu, funsani pa gulu la WhatsApp la m'dera lanulo, makamaka anthu amene anakonzetsa kalekale chitseko n'kumagwirabe mpaka pano. Amene anakonzetsa dzulo sanganene zambiri.

Mukapeza mayina awiri kapena atatu, afufuzeni. Kampani yeniyeni imakhala ndi malo amene mungapite n'kukawapeza, osati nambala ya foni yokha yomata pamtengo wa magetsi. Yang'anani ndemanga pa Google ndi pa Hellopeter, webusaiti imene anthu amalembapo ndemanga za makampani, koma muwerenge kwambiri zodandaulazo, muone mmene anayankhira. Ntchito imalakwika kwa aliyense, chofunika n'chakuti anabwerera kukakonza kapena anazimitsa foni. Afunseni nambala yawo yolembetsera ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Akakulipiritsani VAT ya 15 peresenti, pa pepalapo pakhale nambala ya VAT, imakhala ya manambala 10 ndipo imayamba ndi 4, mukhoza kuitsimikiza pa webusaiti ya SARS, bungwe la boma lotolera misonkho. Mmisiri wodziyimira payekha amene alibe VAT sikuti ndi wakuba ayi, ena mwa iwo ndi akatswiri zedi, bola asawonjezere msonkho umene sakaupereka kuboma.

Mukamaimba foni funsani mafunso awiri: kungobwera kudzaona amalipiritsa zingati, ndipo ndalama imeneyo amaichotsera pa mtengo wa ntchito mukawapatsa? Akafika muwaonetsetse. Munthu wodziwa ntchito amayamba wayeza. Amayeza kutalika kwa sipuling'i, kunenepa kwa waya wake, amafuna kudziwa kulemera kwa chitseko, chifukwa sipuling'i imayenderana ndi kulemerako. Amayang'ananso mawaya, timawilo ndi njanji za m'mbali. Amene wangolowa, asanagwade n'komwe, n'kunena kuti bwana apa pafunika mota yatsopano, ameneyo mumuthokoze azipita. Koma akakuuzani kuti musinthe masipuling'i onse awiri ngakhale waduka mmodzi, pamenepo akunena zoona, chifukwa onse anagwira ntchito mofanana ndipo winayo sachedwa.

Pa mota pomwepo ndiwonjezere. Nthawi zambiri mota ikamafooka vuto limakhala batire ya motayo, makamaka chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi kuja kunapha mabatire ambiri. Batire ndi yotchipa kuyerekeza ndi mota yonse. Ngati mota yathadi, akuonetseni chimene chapsa, ndipo musankhe ya mtundu wodziwika kuno ngati Centurion kapena ET, kuti mawa zipangizo ndi marimoti musavutike kuzipeza.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: palibe chomasula kotesheni isanalembedwe. Ilembedwe pa pepala kapena pa imelo, chipangizo chilichonse ndi mtengo wake, ntchito ya manja payokha, ndi nthawi ya galanti. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, lili kumbali yanu. Limati wokonza asakulipiritseni ntchito imene simunaivomereze, ndipo akapeza vuto lina ali mkati mwa ntchito, akuyenera kukufunsani kaye asanapyole mtengo umene munagwirizana. Limatinso chipangizo chimene aika pokonza, pamodzi ndi ntchito yoikayo, zikhale ndi galanti ya miyezi 3 kapena kuposerapo. Komanso zipangizo zakale zimene achotsa ndi zanu, akubwezereni. Zimenezi muwauze asanayambe kuti zakalezo mudzazifuna. Munthu woona mtima sadandaula nazo, koma amene amafuna kukulembani zinthu zimene sanasinthe amayamba kuzungulira.

Za ndalama, dipoziti yogulira zipangizo si yachilendo, koma musalipire zonse ntchito isanathe. Tumizani kudzera kubanki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa kotesheni, kuti pakhale umboni. Akakuuzani kuti mupereke kashi popanda lisiti kuti mtengo utsike, dziwani kuti galanti yanu yathera pomwepo.

Akamaliza musawalole kupita musanayese limodzi. Chitseko chili chotseka, alekanitse mota, inuyo muchikweze ndi manja mpaka pakati n'kuchisiya. Chikuyenera kuima pomwepo, osatsika chokha kapena kuthawira m'mwamba. Chikamalemera ndiye kuti sipuling'i sanaikoke bwino kapena aika yosayenera. Kenako abwezeretse mota, muike thabwa pansi pamene chimatsekera, mudine rimoti. Chikagunda thabwalo chibwerere m'mwamba. Izi musazidumphe, muli ndi ana aang'ono pakhomopo. Ndiye marimoti muwawerenge. Ngati pali ina inatayika kale, muwauze afufute onse m'motamo n'kulowetsanso okhawo amene muli nawo m'manja, inu mukuona. Galaja yanuyo ili ndi khomo lolowera m'nyumba, ndiye nkhani ya rimoti ndi ya chitetezo. Pa tsikulo mukhalepo inuyo, musawasiyire achemwali anga okha ndi anthu osawadziwa.

Zikadzavuta n'kumakana kubwerera, kuli ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud, kudandaula kumeneko n'kwaulere, koma adzafuna kotesheni, lisiti ndi mauthenga anu, ndiye musunge zonse. Panopa jambulani sipuling'iyo ndi kapepala kamene kali pamota munditumizire, ndipo makotesheni akabwera ndiwaone musanavomere. Mupereke moni kwa ana.