Makalata a Omvera: Mbiri ya Mphoto ya Sullivan

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa achinyamata masewera othamanga. Iwo alemba kuti: "Ndinamva kuti ku America kuli mphoto ya akatswiri amene amachita masewera osalipidwa. Kodi inayamba liti, ndipo Sullivan amene dzina lake lili pa mphotoyo anali ndani?"

Zikomo bambo potilembera. Mphotoyi imaperekedwa ndi bungwe la Amateur Athletic Union kuyambira m'chaka cha 1930, ndipo woyamba kuilandira anali katswiri wa gofu Bobby Jones, amene m'chaka chomwecho anapambana mipikisano inayi ikuluikulu ya ku America ndi ku Britain. James E. Sullivan anali mmodzi mwa oyambitsa bungweli mu 1888, koma mphotoyo sanaione chifukwa anamwalira mu 1914. Pa nkhani ya malipiro anali munthu wosanyengerera, moti iye ndi amene anali mlembi wa bungweli pamene Jim Thorpe analandidwa mamendulo agolide amene anapata pa Olimpiki ya 1912, zitadziwika kuti anasewerapo baseball n'kulandira kangachepe.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina, ndipo funso lawo landisangalatsa kwambiri. Akufunsa kuti: "Kodi Jesse Owens anailandira atabwera ndi mamendulo anayi agolide kuchokera ku Berlin mu 1936? Nanga ife amayi anatiganizira liti?"

Mayi, Owens, wothamanga wakuda wa ku America, sanailandire. Chaka chimenecho inapita kwa Glenn Morris, amene anapambana mpikisano wa masewera khumi pa Olimpiki ya ku Berlin komweko, pamene Owens anali ataimitsidwa ndi bungwe lomweli chifukwa chokana kupitiriza ulendo wa mipikisano ku Ulaya. Morris anali katswiri ndithu, koma ine ndimaona kuti oweruzawo anamulakwira Owens, makamaka tikakumbukira kuti munthu wakuda woyamba kulandira mphotoyi, wothamanga Mal Whitfield, anadzailandira mu 1954, patapita zaka 18.

Amayi anayamba kulowa mu 1944 kudzera mwa wosambira Ann Curtis, ngakhale kuti Sullivan ali moyo ankakana kuti akazi apikisane pa Olimpiki. Wilma Rudolph anailandira mu 1961, ndipo munthu woyamba kuilandira kawiri ndi mkazinso, wosewera basketball Caitlin Clark.