Nsichi zisanu ndi munthu wothyola tiyi

Assalaam alaikum warahmatullah. Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu, amayi ndi abambo nonse. Ana inu muli kumbuyoko senderani kuno, mphasa zilipo. Ndaonanso anansi athu a ku tchalitchi akhala nafe pansi pa mtengo wa mangowu. Takulandirani, ndipo liwu la Chiarabu likakuzunguzani mungokweza dzanja.

Aliyense pano adamangapo nyumba, kapena adaonerera ikumangidwa. Phaso lisanakwere, udzu usanafoleredwe, timayamba tazika nsichi. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adaphunzitsa kuti Chisilamu chidamangidwa pa zinthu zisanu: Shahada (kuikira umboni), Swala (mapemphero), Zakaat (chopereka), kufunga (kusala kudya) mwezi wa Ramadhan ndi Hajj (ulendo wa ku Makka). Ana a ku madrasa angazitchule ngakhale muwadzutse pakati pa usiku. Chimene chandiyendetsa lero ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri kuno ku Mulanje, akuti, "Shehe, ife ndife othyola tiyi, zimenezo ndi za anthu a masitolo ku Limbe." Mawu amenewa sindigwirizana nawo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Shahada siilira ndalama. Ndi kuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi Mtumiki wake. Pakamwa pamathera pomwepo. Ntchito imayamba mwana akadwala usiku, wina n'kukunong'onezani kuti pali nyanga yothandiza kuseri kwa phiri. Apo ndi pamene munthu amadziwa ngati umboni uja udatsika kuchoka pa lilime.

Tibwere ku Swala, ndipo apa ndichedwapo. Swala ndi zisanu pa tsiku. Fajr, imene agogo athu amati Subuhi, ili ndi maraka awiri (raka ndi gawo limodzi la Swala: kuima, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi), m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Zuhr anayi, dzuwa likangopendeka kuchoka paliwombo. Asr anayi. Maghrib atatu, dzuwa likangolowa. Isha anayi, mdima utakhazikika. Onse pamodzi 17. Lamuloli lidabwera pa ulendo wa usiku wa Isra ndi Mi'raj, Mtumiki asanasamuke ku Makka kupita ku Madina m'chaka cha 622. Poyamba zidali makumi asanu, n'kuchepetsedwa kufika pa zisanu. Taganizani abambo, zikadakhala 50, dengu likadadzaza nthawi yanji?

Tsono tiyeni tiuyende tsiku la munthu wa ku esiteti. Fajr mumaswali kunyumba musananyamuke. Maghrib ndi Isha zimakupezani mwabwerera. Zotsala ndi ziwiri, ndipo nthawi zambiri Asr imakupezani mwaweruka kale, chifukwa nthawi yake imayamba mthunzi wa ndodo ukatalika ngati ndodoyo, n'kupitirira mpaka dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Ndiye kuti imene ikukuvutani kwenikweni ndi Zuhr yokha, maraka anayi, mphindi zosakwana khumi. Nayonso ili ndi mpata wa maola angapo. Mukapereka masamba ku sikelo, pemphani kapitawo mwaulemu, yalani thumba loyera pambali pa munda. Mzikiti sudzakutsatirani m'mizere ya tiyi, ndipo sukufunika kutero, pakuti nthaka yoyera iliyonse ndi malo oswalira.

Poswali timayang'ana ku Makka, koma ena amati sadziwa koyang'ana. Kuchokera kuno, Makka ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. Imirirani kuti kotulukira dzuwa kukhale kudzanja lanu lamanja, simudzaphonya kwambiri. Madzi a udhu, kutsuka kumaso, manja ndi mapazi tisanaswali, kuno sitingadandaule nawo, Likhubula, Ruo ndi Lichenya zikutsika m'phiri chaka chonse. Mtumiki adayerekezera Swala zisanu ndi mtsinje woyenda pakhomo pa munthu, iye n'kumasambamo kasanu pa tsiku, ndipo adafunsa ngati litsiro lingatsale pa thupi lotero. Anthu a m'chipululu ankachita kuuganizira mtsinjewo, inu mumawoloka wanu popita kumsika. Madzi akasowa, kapena akakhala oti akulitsa matenda, pali tayammamu: mumagunda manja pa dothi loyera, n'kupaka kumaso ndi m'manja. Agogo amene maondo akukana, swalini chokhala. Amene ali gone pa mphasa, aswali chogona.

Mayi awo akweza dzanja. Eya, mayi. Akufunsa za masiku amene mzimayi ali kumwezi. Masiku amenewo simuswali, ndipo Swala zimenezo simubweza. Koma masiku a Ramadhan amene mwadumpha pa chifukwa chomwecho mumadzabweza mwezi ukatha. Mwachita bwino kufunsa poyera, ambiri amangonong'onezana ku chigayo n'kusokonezana.

Zakaat ndiyo imene timaithawa kwambiri, poti timaganiza kuti ndi ya ndalama zokha. Ya ndalama ilipodi: ngati mwasunga chuma chofika pa mlingo wotchedwa nisab, womwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chakhala chaka chathunthu, mumatulutsa 2.5 peresenti. Pa K1,000,000 iliyonse ndi K25,000. Mtengo wa golide ndi siliva umasinthasintha, choncho mlingo wa chaka chino mufunse ku mzikiti. Koma palinso Zakaat ya m'munda, ndipo iyi siidikira chaka, imatuluka pokolola. Chimanga kapena mpunga zikafika makilogalamu pafupifupi 653, tinene kuti matumba 13 a makilogalamu 50, Zakaat yakupezani. Ngati munda udamwa mvula yokha, mumatulutsa thumba limodzi pa matumba khumi. Ngati mudathirira movutikira, ndi injini kapena pampu yopalasa, ndi thumba limodzi pa matumba makumi awiri, chifukwa thukuta lanu ndi mafuta anu zawerengedwa. Mbuzi zikakwana 40, imodzi si yanu. Ng'ombe zimayambira pa 30.

Ndikudziwa kuti minda kuno ndi yaing'ono, malo ambiri adapita ku tiyi kalekale, ndipo ambiri mwa inu matumba 13 simuwafika. Ngati simufika, palibe mlandu. Mwina inuyo ndinu oyenera kulandira. Qur'an, mu Surah At-Tawbah ndime 60, idatchula magulu asanu ndi atatu olandira Zakaat, kuyambira osauka ndi osowa, mpaka omangika ndi ngongole ndiponso wapaulendo amene zamuthera. Koma alipo ena pano, sinditchula maina, amene ngolo imabwerera kumunda katatu. Abale anga, kupatsa mlamu wanu nkhuku pa chikondwerero cha Idi si Zakaat. Mukukumbukira namondwe wa Freddy mu March 2023, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri. Patangopita masiku owerengeka Ramadhan idalowa, anthu ena akugona m'makalasi a sukulu. Thumba limodzi pa khumi lija likadakhala likusonkhanitsidwa chaka ndi chaka, sitikadayang'ana kumsewu kokha kudikira galimoto za thandizo.

Ramadhan ndi mwezi wachisanu ndi chinayi pa kalendala yoyendera mwezi, ndipo kufunga kudalamulidwa m'chaka chachiwiri Mtumiki atasamukira ku Madina. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, osadya, osamwa, osakhalira pamodzi m'banja. Chaka cha mwezi chili ndi masiku pafupifupi 354, n'chifukwa chake Ramadhan imafulumira ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse. Zaka zino ikugwa m'dzinja, masamba atachuluka, dengu likulemera, nkhokwe zili mbee. Sindikunamizani kuti n'zophweka. Ana awa adzafunga m'kutentha kwa October, kenako adzafunga mu chiperoni cha June, ndipo pakatha zaka 33 idzabwereranso pomwe ili lero. Musanyoze daku, chakudya cha m'bandakucha kufunga kusanayambe. Dzukani mudye, ngakhale chinangwa chophika ndi madzi ambiri. Dzuwa likalowa musachedwetse futari, chakudya chomasulira. Wodwala, wapaulendo, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene akuopera moyo wake kapena wa mwana, amamasula n'kudzabweza. Nkhalamba imene singathenso imadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Mukaiwala n'kumwa madzi, pitirizani kufunga, kufunga kwanu sikunaonongeke. Koma kuiwala kwa tsiku ndi tsiku pa ola lomwelomwelo, kumeneko tikambirana patokha, achimwene. Mwezi ukamatha pali Zakaatul Fitr, makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a chakudya pa munthu aliyense wa m'nyumba, ndipo iperekedwe Swala ya Idi isanayambe.

Hajj ndi kamodzi pa moyo, m'mwezi wa Dhul Hijja, kwa amene ali ndi thanzi ndi chuma chokwanira ulendo, banja lake litasiyiridwa chakudya. Tsinde lake ndi kuima pa Arafa, malo a kufupi ndi Makka, pa tsiku lachisanu ndi chinayi la mweziwo. Mtumiki mwiniwake, atasamukira ku Madina, adachita Hajj kamodzi kokha, m'chaka cha 632. Musagulitse munda wa ana kuti anthu azikutchani Alhaji.

Ndikuona mthunzi wa mtengowu wafika pa mpanda, Asr yakwana. Madzi ali m'zidebe kuseri kwa mzikiti, amayi mbali ya kumanzere. Anansi athu musachoke, tiyi ali pamoto, ndipo mafunso a Zakaat ya nandolo tiwayankha tikatuluka.