Mwamaliza Fomu 4, mukufuna sayansi: musankhe kuti?

[Pa sikirini: pepala la zotsatira za MSCE]

Anzathu a ku Salima ndi Nkhotakota, musanadzaze fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, tengani pepala lanu la MANEB mulione bwinobwino. Ambiri amangowerenga mapointi onse pamodzi. Koma kuti mulowe kuyunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi 3 mpaka 6, ndipo 1 ndi 2 ndi distinkishoni. Mukapeza 7 pa Chingerezi, ngakhale Masamu mwamenya 1, khomo latsekeka.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera: pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imayang'ana. Zaudokotala ndi zamankhwala ku yunivesite ya KUHeS amaona Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Uinjiniya ku MUBAS, ku Blantyre, kapena ku MUST, ku Thyolo, maso awo amakhala pa Masamu ndi Physics. Munthu atha kukhala ndi mapointi abwino chifukwa cha Chichewa, Geography ndi Life Skills, Physics ili pa 6. Akalemba zaudokotala zokhazokha, dzina silituluka, mnzake yemwe sanakhoze bwino ngati iye n'kutengedwa kwina.

Ndiye pa fomu musadzaze mapulogalamu olimbiranidwa okhaokha. Poyamba ikani yomwe mtima ukufuna, kenako zina zomwe magiredi anu akufikira mosakayikitsa.

[Pa sikirini: mabwato ku Senga Bay, minda ya nzimbe ku Dwangwa]

Ndipotu sayansi si ya kuchipatala kokha. Za nsomba ndi ulimi wake zimaphunzitsidwa ku LUANAR, ku Bunda, komanso ku Mzuzu University. Amene wakulira pa doko, woona usipa ukuyanikidwa pa thandala, ayamba kale kudziwa zomwe ena akaziona koyamba m'buku. Mpunga wa ku Lifuwu, kafukufuku wa mbewu ku Chitala, nzimbe za ku Dwangwa, zonsezi zimafuna odziwa za nthaka, mthirira ndi Chemistry. Magetsi adzuwa omwe akupangidwa kuno ku Salima akufunanso anthu ake, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa zimenezo. Masamu, Physics ndi Chemistry paokha, kapena uphunzitsi wa sayansi, yang'anani ku UNIMA, ku Zomba.

Za yunivesite zomwe si za boma, funso ndi limodzi: kodi NCHE inavomereza pulogalamu imeneyo? Osati sukulu yokha ayi, pulogalamu yeniyeniyo. Chikwangwani chokongola pamsewu chisakunamizeni. Mutha kulipira zaka 4, n'kudzatuluka ndi pepala lomwe olemba ntchito akulikana.

Nkhani ya ndalama: ngongole ya ophunzira imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo fomu yake ndi ina, osati ya NCHE ija. Muziwerengeranso malo ogona, chifukwa mahositelo sakwanira onse, ambiri amachita lendi panja. Nambala ya foni yomwe mulembe pa fomu ikhale yogwira ntchito, ndipo dzina lifanane ndi la pa satifiketi chilembo ndi chilembo.