Paipi ya mafuta amaiyeza bwanji kuti ili bwino?

Muli bwanji anzanga a pa Chipata, Katete, Petauke, Lundazi mpaka ku Chadiza uko, takulandiraninso. Lero tikamba za paipi ya mafuta, ndipo wina anena kuti aah kuno kum'mawa kulibe paipi, ife timangoona matanka pa Great East Road. Zoona, koma dizilo yambiri ya dziko lino imayamba yayenda pansi pa nthaka isanakwere tanka, ndiye paipi ikavuta mzere wa pa filling station umatipeza ndithu.

[Pa sikirini: mapu a Tanzania ndi Zambia]

Iyi ndi TAZAMA, paipi imene imatibweretsera mafuta kuchokera ku Tanzania. Imachoka ku Dar es Salaam, kudutsa Morogoro, Iringa, Mbeya, kulowa kwathu cha ku Nakonde, kutsika Chinsali, Mpika mpaka Ndola, makilomita 1,710. Inayamba ntchito mu 1968, nthawi ya a Kaunda ndi a Nyerere, njira ya kummwera itavuta chifukwa cha Ian Smith wa ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndi UDI yake ya 1965, kulengeza kuti dzikolo ladziimira palokha popanda chilolezo cha Britain. Zaka zambiri inkanyamula mafuta osayenga kupita ku Indeni, fakitale yoyenga mafuta ku Ndola, kuyambira 2023 ikunyamula dizilo yoyengayenga kale. Manje werengani nokha, chitsulo cha 1968 chili m'dothi mpaka lero, mvula dzuwa, wina akulima pamwamba pake.

Funso langa ndi ili, bwana wa paipi akaima nkunena kuti chaka chino sitinachite ngozi olo imodzi, kodi ndiye kuti paipi ili bwino? Ine ndimati ayi, nambala imeneyo ndi yabwino kuyika pa chikwangwani pa geti koma imangokuuzani za dzulo. Zili ngati mtanda wa denga umene chiswe chadya mkati, kunja uli nyanyu, zaka zikupita osagwa, mpaka usiku wina wa mvula.

Onani zimene zinachitika ku Texas City ku America mu 2005, pa fakitale yoyenga mafuta ya BP. Manambala awo a anthu ovulala pa ntchito, awa oterereka, ogwa pa makwerero, anali otsika ndipo mabwana ankaona ngati zonse zili mushe. Fakitale inaphulika, anthu 15 anafa. Ofufuza anadzanena kuti kuwerenga zala zotemeka sikukuuza kanthu za mavavu ndi ma alamu amene akufa pang'onopang'ono.

Ndiye amayeza chiyani anthu odziwa ntchito? Choyamba ndi chitsulo chenichenicho. Pali kachipangizo kotchedwa smart pig, amakalowetsa mu paipi pa siteshoni ina, mafuta omwewo ndi amene amakakankha mpaka kakatulukire kutsogolo. Kali ndi maginito amphamvu, pamene khoma la paipi lapyapyala ndi dzimbiri mphamvu ya maginito ija imathawira kunja ndipo masensa amalemba kuti pa kilomita yakuti, cha kumunsi kwa paipi, chitsulo chadyeka mwakuti. Tina timagwiritsa mafunde a ultrasound, timeneto timatha kuonanso ming'alu. Koma apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino, kuyendetsa pig si chitetezo ayi, lipoti lingabwere lonenepa bwanji koma ngati langoikidwa mu kabati palibe chachitika. Nambala yofunika ndi yakuti malo owopsa anapezeka angati, akumbidwa angati, akonzedwa angati, ndipo otsalawo adikira miyezi ingati.

[Pa sikirini: mtsinje wa Kalamazoo]

July 2010, Marshall ku Michigan ku America, paipi ya kampani ya Enbridge inang'ambika. Pamalo pomwepo pig inali itaona kale ming'alu mu 2005 koma sipanakumbidwe. Ndiye itang'ambika ma alamu analira mu control room, anthu aja anaganiza kuti ndi mpata chabe umene wachitika mu mafuta, presha ibwerera, nkuyatsanso mapampu, osati kamodzi koma kawiri, kupopera mafuta mu dambo. Panapita maola 17 asanadziwe, ndipo anawauza ndi munthu wa kunja amene anaona mafutawo ndi maso. Malita opitilira 3 miliyoni, ena mpaka mu mtsinje wa Kalamazoo. Makina onse analipo, chimene chinasowa ndi munthu wonena kuti zimitsani kaye tikaone. Ndiye china choyeza ndi chimenechi, alamu ikalira pamapita mphindi zingati kuti pampu izime, ndipo ma alamu abodza amalira kangati pa shifiti, chifukwa akachuluka munthu amazolowera nkumangodina kuti akhale chete.

Dzimbiri lakunja amalimbana nalo ndi zinthu ziwiri, chokutira cha paipi ndi kamagetsi kochepa kamene amakalowetsa mu chitsulo, cathodic protection. Timitengo tija timaima motsatira paipi, tina ndi poyezera, tekinishani amafika ndi mita yake nkuona ngati ikufika pa -850 mV. Ikapanda kufika, pamenepo chitsulo chayamba kudyeka. Apa amawerenga kuti mwa malo onse oyezera ndi angati akukwana. Amafananizanso malita olowa ndi otuluka, akasiyana ndiye kuti penapake pakudontha kapena wina waboola.

Eya, kuboola. Nkhani iyi ndi yathu ino ku Africa ndipo imawawa. Ku Jesse ku Nigeria mu 1998 anthu anathamangira ndi zigubu kukatunga petulo wotayika, moto unabuka, anafa oposa 1,000. Ku Sinai ku Nairobi mu 2011 chimodzimodzi, nyumba zinali pamwamba pa ngalande imene mafuta analowamo. Ndipo pafupi pompa ku Tete, pa Caphiridzange mu 2016, inali tanka osati paipi koma zigubu zomwezo. Choncho kuyendera mzere wa paipi, kuona amene wamanga kapena akukumba kapena kuotcha tchire pafupi, kukhala pansi ndi mafumu ndi anduna awo, zonsezi zimalowa mu manambala a chitetezo.

Pali nambala ina imene imasokoneza mabwana, malipoti a zinthu zimene zinatsala pang'ono kuchitika. Bwana wosadziwa amakondwa akakhala ochepa. Koma nthawi zambiri akachepa ndiye kuti antchito akuopa kuchotsedwa ntchito, angokhala chete. Kampani imene malipoti otere akuchuluka ndipo lililonse likutsekedwa ndi ntchito yooneka, ine imeneyo ndingagone pafupi ndi paipi yake.

Kuno oyang'anira ndi ERB kumbali ya mafuta ndi ZEMA kumbali ya chilengedwe. Atolankhani athu mukakumana nawo, musalekere pa funso lakuti kunachitika ngozi zingati, afunseni kuti pig inadutsa liti komaliza ndipo malo amene inapeza atsala angati osakumba. Vidiyo yotsatira tikamba za matanka a pa Great East Road ndi zitunda za ku Luangwa. Tionana.